Apongozi andidzudzula chifukwa choseka pambali pa bedi la amuna anga, kodi ndalakwa?

Nachisale wa ku Lunzu
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha mundiuze zoona, musandinyengerere.

Lero atha masabata asanu amuna anga ali m'chipatala. Iwo ndi akalipentala. Tsikulo ankachokera kofunsa mitengo ya matabwa ku Lirangwe atakwera njinga yamoto ya kabaza, ndiye galimoto ina inawagunda cham'mbali. Wakabazayo anangosupuka, koma iwo fupa la ntchafu yakumanja linathyoka, nthiti zitatu zinathyokanso, mano awiri akutsogolo anatsala pamsewu pomwepo. Anawalowetsa chitsulo m'munsi mwa bondo n'kumangirira chingwe chopita kumiyendo kwa bedi, ndipo kumapeto kwa chingwecho kukulendewera thumba la mchenga. Sadzuka, satembenuka, zonse ndi pabedi pomwepo. Ine ndiye gadiyani. Ana ndinawasiya kwa achemwali anga.

Masabata awiri oyamba sankalankhula. Ankangoyang'ana kudenga, phala ankalandira masipuni atatu n'kukankha mbale. Ine ndinkapita kuseri kwa malo ophikira magadiyani kukalira, n'kusukusula, n'kubwerera. Ndiye m'mawa wina sabata lachitatu ndikuwapukuta kumsana, anayang'anitsitsa chingwe chija n'kunena kuti: "Nachisale, zaka 14 mwakhala mukudandaula kuti ine sindikhazikika pakhomo. Taonani boma lakumverani, landimanga pachingwe ngati mbuzi ya m'dzinja." Abale anga, ndinaseka mpaka ndinakhala pansi ndi kansalu kopukutira kali m'manja. Iwonso anaseka atagwira nthiti, akuti "basi basi mayi, mundipha." Tsiku limenelo anamaliza phala lonse.

Kuyambira pamenepo anabwerera kukhala munthu amene ndimamudziwa. Adokotala akabwera kudzayendera odwala amawauza kuti msomali uwu munakhoma bwino, koma mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti muthire kaye guluu. Wodi yonse imayembekezera kuti lero akalipentala anena chiyani.

Lamulungu lapitali apongozi anga aakazi anafika kuchokera ku Ntcheu, koyamba chichitikireni ngozi, chifukwa miyendo imawavuta. Analowa m'wodi nthawi imene ine ndinali nditagwira pamimba ndi phwete. Sanalankhule kanthu pamenepo. Titatuluka panja anandiuza kuti: "Mwana wanga wapulumuka m'kamwa mwa imfa, inu mukuseka ngati muli pa chinkhoswe. Anthu aziti chiyani?" Mawu amenewa andilasa. Kuyambira tsikulo ndikumadziletsa, amuna anga akayamba nthabwala ine ndimangoyang'ana pansi, ndipo dzulo ndaona kuti nawonso ayambanso kukhala chete.

Kodi ndinalakwa? Alipo amene anadutsamo m'zoterezi?

Mayi a Mapasa
Pepani kwambiri mayi. Ayi simunalakwe. Nthabwalayo anayambitsa ndi eni ake opweteka, inu munangoilandira. Mbuzi ya m'dzinja ija nanenso yandisekesa kuno ndili ndekha kukhitchini.

Mbewe wa ku Area 25
Ambuye awakhudze achimwenewo. Munthu amene wayamba kuseka ndiye kuti wayamba kufuna moyo. Musawatsekere khomo limenelo.

Gogo Nangondo
Mwana wanga Nachisale, ndimve ine wachikulire. Sunalakwe, koma apongozi akonso usawaone ngati oipa mtima. Iwe wakhala ndi chingwecho masabata asanu, maso ako azolowera. Unalira kale kulira kwako kuseri kwa khitchini kumene iwo sanakuone. Iwo Lamulungulo linali tsiku lawo loyamba. Analowa n'kuona mwana amene anamubereka kumbuyo ali ndi chitsulo chotulukira mbali zonse ziwiri za mwendo, mano palibe. Iwo anali pa tsiku loyamba, iwe unali pa tsiku la 30. Anthu awiri otere sangaseke nthawi imodzi.

Koma zoti kuseka pamavuto n'kosayenera, zimenezo si zamakolo athu. Pamaliro penipeni, pamene palibe chiyembekezo chilichonse, adzukulu amachita nthabwala, amatsanzira mayendedwe a malemu, amavala chipewa chawo, anamfedwa n'kumwetulira misozi ili m'masaya. Makolo anaika dala anthu oterowo podziwa kuti mtima sungasenze katundu tsiku lonse osatula. Nanga kuli bwanji pamene munthu ali moyo ndipo akuchira?

Funso langa ndi ili: amuna akowo alibe msuweni? Msuweni ndi amene ali ndi chilolezo chonena zimene iwe mkamwana sunganene pamaso pa apongozi. Muitane abwere tsiku limene apongozi alipo.

Nachisale wa ku Lunzu
Zikomo agogo. Zoti iwo anali pa tsiku loyamba sindinaziganizire n'komwe. Msuweni alipo, amagulitsa kaunjika ku Limbe, ndi wapakamwa kwambiri. Ndimuimbira.

Namwino ku Manchester
Asisi, ndagwira ntchito m'mawodi a mafupa kumudzi ku Malawi ndisanabwere kuno ku UK, ndiye ndiloleni ndilankhule mbali ziwiri.

Choyamba, amuna anu apulumuka chinthu chachikulu. Fupa la ntchafu ndi lalitali ndi lolimba kuposa onse m'thupi, ndipo likathyoka munthu amatha kutaya magazi opitirira lita imodzi mkati mwa ntchafu momwemo, kunja osaoneka kanthu. Minofu ya pantchafu ndi yamphamvu, imakoka zidutswa za fupa kuti zipitirirane, n'chifukwa chake amaika thumba lija kuti lizikoka mwendo, fupa likhale pamzere mpaka litagwirana. Kawirikawiri thumbalo limalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa wodwalayo, ndipo munthu wamkulu amakhala pachingwe masabata 6 kapena kupitirira, ena mpaka 12. Chonde alendo asamalinyamule thumbalo pomvera chisoni, ndipo lisagunde pansi. Ndaonapo achibale akuliika pampando kuti wodwala apumeko. Kumeneko n'kubweza ntchito m'mbuyo.

Pa nthiti: akafuna kuseka kapena kutsokomola akumbatire pilo mbali yothyokayo. Ululu umachepa. Munthu wothyoka nthiti amaopa kupuma mokoka mpweya, ndipo akagona chagada masabata ambiri akupuma pang'onopang'ono, makhololo amakhazikika m'mapapo, chibayo n'kulowa. Ndiye azipuma mozama kangapo pa ola lililonse, azitsokomola, aziyendetsa phazi ndi zala kuti magazi asaundane m'mitsempha. Muziyang'ana matako ndi zidendene tsiku lililonse, pakafiira kapena kuda mwachilendo muuzeni namwino msanga zisanasanduke zilonda. Pamene palowa chitsulo pakayamba kutuluka mafinya, chimodzimodzi.

Chachiwiri. Pa odwala onse amene ndinawasamalira, amene ankandidetsa nkhawa sanali aphokoso. Anali amene atembenukira kukhoma, osadya, osafuna kusambitsidwa. Wodwala akakana kudya thupi limasowa zomangira fupa, akakana kudzikweza pabedi zilonda zimabwera. Mwanena nokha kuti tsiku la nthabwala yoyamba anamaliza phala. Chimenecho ine ndikanachilemba m'faelo ngati chizindikiro chabwino.

Chilobwe Girl
Ine ndilankhula mosiyana pang'ono, mundikhululukire. Amayi anga anavulala pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche usiku. Chiuno chinasweka, anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Usiku womwewo tinataya mwana wa achimwene anga amene ankagona ndi amayiwo.

Kunkabwera anthu ofuna kuwasangalatsa. Wina anati, "Mayi, mwalimba ngati mwala womwe unakugwerani." Ankafuna zabwino, ndikudziwa. Koma amayi atachoka munthuyo analira mpaka kum'mawa. Ena ankafika ndi phokoso, kuseka okhaokha, amayi n'kumamwetulira mokakamiza pofuna kusakhumudwitsa alendo, akachoka atopa kuposa mmene analili. Wodwala ankagwira ntchito yosangalatsa anthu athanzi.

Ndiye musamangoti kuseka ndi mankhwala. Nthawi zina kumapweteka. Ine apongoziwo ndikuwamvetsa.

Mayi a Mapasa
Pepani asisi a ku Chilobwe. Mzimu wa mwanayo uuse mumtendere.

Gogo Nangondo
Wanena zoona mwana wanga, ndipo pepa. Kusiyana kwake n'koti kwa amayi ako nthabwala inkachokera pakhomo kulowa, pamene kwa Nachisale ikuchokera pabedi kutuluka. Mwini bala ndiye amadziwa pamene pangakhudzidwe. Kodi amayi ako anadzasekapo okha pambuyo pake?

Chilobwe Girl
Anadzaseka agogo, patapita nthawi yaitali. Tinali kale kunyumba ya lendi ku Chimwankhunda, akuphunzira kuyenda ndi ndodo ziwiri. Kamdzukulu kawo kena ka zaka zitatu kanatola timitengo tiwiri n'kumawatsatira pambuyo kakutsimphina ndendende ngati iwo, nkhope ili yokwinya. Tonse tinazizidwa, ine ndinafuna kukakalipira. Amayi anatembenuka, kukaona, n'kuseka mpaka anatsamira khoma. Anati, "Musiyeni mwamuna wangayu, akundiperekeza." Kanali koyamba kumva mawu awo akale chichitikireni zija. Mwandikumbutsa, ndikulira pano ndikulemba.

Bambo a Yamikani, Zomba
Ine ndilankhula ngati munthu amene anagonapo pabedi loterolo. Mu 2019 ndinagwa padenga ndikukhoma malata, ndinakhala pachingwe masabata 9.

Amayi a ku Lunzu, chimene chimapweteka mwamuna pamenepo si fupa lokha. Dzulo lake unali munthu wodyetsa banja, lero mkazi wako akukuikira kabeseni kuti udzithandize, anthu 30 ali m'chipinda chomwecho, chotchinga ndi chitenje chimene iye wagwira ndi dzanja limodzi. Manyazi amenewo ndi olemera kuposa thumba la mchenga. Ndiye alendo amafika, amaima mozungulira bedi manja ali kumbuyo, nkhope zili ngati akuona nkhope pamaliro, kulankhula monong'ona. Ukawayang'ana umayamba kukhulupirira kuti zako zatha, iwo akudziwa china chake chimene adokotala sanakuuze.

M'wodi mwathu munali bambo wina amene anakhalitsa kuposa tonse, tinkamutchula kuti tcheyamani. Wodwala watsopano akafika, iye ankamulonjera kuchokera pabedi pake: "Takulandirani achimwene, kuno lendi ndi yaulere, koma alandilodi salola kuyendayenda." Munthu wobwera akubuula ankapezeka wamwetulira. Panalinso awiri, wina wa Bullets wina wa Wanderers, mabedi oyandikana, onse miyendo ili m'mwamba. Tsiku la masewero pa Kamuzu Stadium ankaika kawayilesi pakati, ndipo aliyense ankalumbira kuti akanakhala kuti sanamangidwe akanalowa yekha m'bwalo kukagoletsa. Anamwino ankabwera kudzatiletsa phokoso n'kutsalira pomwepo kufunsa zigoli.

Pa maola amenewo sindinali wodwala wa pabedi nambala chakuti. Ndinali munthu. Ndipo chimene ndinkachiyang'ana kwambiri chinali nkhope ya mkazi wanga. Iye akaseka ndinkadziwa kuti akundionabe ngati mwamuna wake, osati katundu amene wamugwera. Amuna anuwo akamachita nthabwala, mbali ina akukufunsani funso limenelo. Mukayang'ana pansi, iwo akumva yankho limene inu simukutanthauza.

Nachisale wa ku Lunzu
Bambo a Yamikani, mawu anu omalizawo andigwira pakhosi. Sindinadziwe kuti kukhala chete kwanga kungamveke choncho.

Tembo wa ku Chipata
Moni a ku Malawi. Kuno ku Zambia tili ndi chimbuya, ubale wa nthabwala ngati wa asuweni, pakati pa ife akum'mawa ndi Abemba. Atate anga atachita ngozi pa Great East Road n'kugonekedwa ku Lusaka, mnzawo wa Chibemba anafika m'wodi n'kufuula kuti, "Mwaona, ndinakuuzani kuti musamathamangitse mbewa pamsewu!" Atate anayankha pomwepo kuti bola ife mbewa, inu anyani mukanagwa mumtengo. Amayi anga, amene anali asanadye masiku awiri, anaseka n'kutuluka kukagula chakudya. Mawu omwewo akananena munthu wamba ikanakhala ndewu. Agogo anena bwino za msuweni, nthabwala imafuna mwini chilolezo.

Mlongo wa Mvano
Pa Miyambo 17:22 timawerenga kuti mtima wokondwa umachiritsa, koma mzimu wosweka umaumitsa mafupa. Mafupa enieniwo atchulidwa. Koma buku lomwelo pa 14:13 likutikumbutsa kuti ngakhale poseka mtima umatha kuwawa. Ndiye mayi, sekani nawo, komanso usiku wina anthu akagona muwafunse kuti, bambo, kupatula nthabwalazi, mumtima muli bwanji? Ife tikamayendera odwala timapeza kuti amene amaseketsa wodi yonse masana nthawi zina ndi amene amalira mwakachetechete usiku.

Kondwa Joni
Funso langa ndi lina. Bwanji osangowachita opaleshoni? Kuno ku Johannesburg mnzanga anathyoka malo omwewo, anamuika chitsulo mkati mwa fupa, patatha masiku ochepa anali akuyenda ndi ndodo.

Namwino ku Manchester
Achimwene, njira imeneyo iliko ndipo kumudzi imachitika: amalowetsa chitsulo chachitali mkati mwa fupa n'kuchimanga ndi masikuluwu, munthu amadzuka msanga. Koma imafuna dokotala wa mafupa, fiyeta, zitsulozo ndi magazi, ndipo ovulala pamsewu ndi ochuluka kuposa manja amene alipo, makamaka chichulukireni njinga zamoto. M'zipatala zambiri za m'maboma ntchito ya mafupa imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, achipatala ophunzitsidwa mwapadera za mafupa, amene Malawi anayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo anthu amenewa apulumutsa miyendo yosawerengeka ndi chikhakha ndi chingwe chomwechi. Ku Lilongwe kunatsegulidwa LION pa Kamuzu Central, chipatala cha mafupa ndi ubongo, zimene zathandiza. Asisi angathe kufunsa adokotala mwaulemu ngati opaleshoni ikufunika, koma pa sabata lachisanu fupa limakhala litayamba kale kugwirana, ndipo chithunzi cha X-ray ndi chimene chinganene.

Akadzamasulidwa, ntchito ina idzayamba: bondo limauma, ntchafu imaonda. Mafizo asadzawanyozere. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre pafupi ndi Queens kwa amene akufunika thandizo lalitali. Ndipo akalipentalawo muwauziretu kuti asadzathamangire kuponda mwendo adokotala asanalole, fupa lokakamiza limaswa mphika.

Mbewe wa ku Area 25
Komanso tiyeni tinene, akabaza ambiri alibe zipewa za okwera, ena anyamula anthu atatu. Tikutha.

Admin
Zoona a Mbewe, koma imeneyo tiitsegulire nkhani yakeyake mawa. Pano tithandize mayiwa.

NaJere wa ku Mzimba
Ndiwonjezere chinthu chimodzi kwa ena amene akuwerenga, osati kwa mayi a ku Lunzu chifukwa amuna awo mutu uli bwino. Mchimwene wanga anavulala m'mutu pa ngozi ya minibasi. Atatsitsimuka ankaseka pafupipafupi, ngakhale pa nkhani yachisoni, n'kumanena mawu otukwana amene kale sakanawatchula pamaso pa amayi. Ife tinkasangalala kuti wachira, wayamba nthabwala. Adokotala ndi amene anatifotokozera kuti kuvulala kwa mbali yakutsogolo ya ubongo kumasintha khalidwe, munthu amalephera kudzigwira. Kumeneko sikunali kuseka kwa iye. Ngati wodwala wanu anagunda mutu ndipo kaseketsedwe kake ndi kachilendo, kosafanana ndi mmene mumamudziwira, auzeni achipatala. Nthabwala ya mbuzi ija ikumveka kuti ndi ya munthu yemwe uja wa kale, n'chifukwa chake ine yandisangalatsa.

Mayi a Mapasa
Mayi a ku Lunzu mudzatiuze mmene zithere ndi apongozi.

Nachisale wa ku Lunzu
Abale anga ndabweranso, papita masiku anayi. Ndawerenga zonse, zina kawirikawiri.

Ndinayamba ndi malangizo a mayi a Mvano. Lachinayi usiku magetsi a m'wodi atachepetsedwa ndinakhala pamkeka pafupi ndi mutu wawo n'kuwafunsa. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti amawerenga masiku a lendi ya shopu, kuti pali makabati awiri a anthu amene analandira kale ndalama zake, kuti amaopa mwendo ukadzafupika sadzathanso kunyamula thabwa. Analira, ine ndinalira. Kenako anati, "Chimene chandiopsa kwambiri sabata ino n'choti mwasiya kuseka. Ndimaganiza kuti adokotala akuuzani zoipa." Bambo a Yamikani, zinali ndendende mmene munanenera. Ndinawafotokozera za amayi awo. Anangoti, "Asiyeni, ndi mantha."

Lachisanu ndinatenga apongozi kupita nawo kophikira. Ndinawaonetsa pakona pamene ndinkalirira masabata oyamba, ndinawauza za masipuni atatu a phala, ndi tsiku limene mbale inatha. Sanayankhe zambiri, anangotenga mthiko m'manja mwanga n'kuyamba kuvundula okha. Madzulo ake anandifunsa kuti ndiwaphunzitse kuika pilo pa nthiti.

Loweruka msuweni uja anafika nthawi ya alendo. Asanapereke n'komwe moni anaima kumiyendo kwa bedi, kuyang'ana chingwe, kuyang'ana thumba, n'kutembenukira kwa apongozi: "Azakhali, mbuzi iyi mukugulitsa zingati? Koma mano ndaona kuti yakalamba, mundichotsereko." Mtima wanga unaima. Amuna anga anayankha kuti mbuzi iyi siigulitsidwa, ili ndi mwini wake, n'kuloza ine. Apongozi anayesa kulimbitsa nkhope, anakoka mpango kutseka pakamwa, koma mapewa ankagwedezeka. Kenako anati, "Iwe, ameneyu ngakhale ali mwana ndinkachita kumumanga ndi nsalu kumwendo wa tebulo kuti ndiphike." Wodi yonse inaphulika. Amuna anga anakumbatira pilo n'kumaseka, misozi ikutsikira m'makutu, amayi awo akuwapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Lolemba akukajambulanso mwendo. Akati fupa lagwirana mokwanira, mwina chingwe achotsa sabata lotsatira. Apongozi akuti sabwerera ku Ntcheu mpaka ataona mwana wawo ataima, ndipo usiku wa lero agona ndi iwo m'wodi kuti ine ndipite ku Lunzu ndikaone ana.